Khungwa la ku Andes, Tsamba la ku China ndi Kachirombo Kopima Mankhwala

Mankhwala awiri amene apulumutsa anthu ambiri ku malungo pa zaka pafupifupi 400 zapitazi onse anachokera kutchire. Kwinini anachokera m'khungwa la mtengo wa cinchona umene umamera m'mapiri a Andes ku South America, ndipo artemisinin, amene ndiye mphamvu yeniyeni ya mapiritsi a LA omwe odwala amalandira m'zipatala zathu, anachokera m'masamba a chitsamba cha ku China chotchedwa Artemisia annua. Zimenezi n'zoona, ndipo anthu okonda mankhwala azitsamba amazitchula monyadira. Pamene pamavuta ndi pa zimene amawonjezerapo, zoti kachirombo ka malungo sikangapime mankhwala ochokera ku chomera, ati amene amatha mphamvu ndi a m'fakitale okha. Mbiri ya malonda a mankhwala a malungo ikutsutsa zimenezi. Kachirombo sikafunsa kwawo kwa mankhwala. Chimene chakhala chikutalikitsa kapena kufupikitsa moyo wa mankhwala ndi mlingo umene ukulowa m'magazi a wodwala, nthawi imene mlingowo ukukhalamo, ndiponso ngati mankhwalawo akulowa okha kapena ali ndi mnzake. Zinthu zitatuzi zakhala zikugamulidwa m'misika, m'misasa ya asilikali ndi m'maofesi a boma, kutali ndi phiri kumene chomeracho chinamera.

Khungwa la cinchona linafika ku Rome m'zaka za m'ma 1630, litanyamulidwa ndi ansembe a chipani cha Jesuit amene anali ndi nyumba ya mankhwala ku Lima, m'dziko la Peru. Nkhani yotchuka yoti linadziwika litachiritsa mkazi wa bwanamkubwa, Countess wa ku Chinchón, akatswiri a mbiri anaipeza kuti ndi nthano chabe, ngakhale kuti katswiri wa zomera Linnaeus anali atatcha kale mtengowo dzina la mayiyo mu 1742. Kwa zaka pafupifupi 200 madokotala a ku Ulaya ankapatsa odwala khungwalo lili losinja, losungunulira m'vinyo chifukwa cha kuwawa kwake, ndipo ankakangana kosatha ngati limagwiradi ntchito. Mkanganowo sunali wa umbuli wokha. Mitundu ya cinchona ndi yambiri, ina khungwa lake lili ndi mankhwala ochuluka pamene ina lilibe pafupifupi chilichonse, ndipo amalonda achinyengo ankasakanizamo makungwa a mitengo ina bola akhale owawa. Dokotala amene wachiritsa wodwala lero ndi supuni imodzi, mawa ankataya wina ndi supuni yomweyo, osadziwa chimene chasintha. Robert Talbor, Mngelezi amene analemera pochiritsa mfumu Charles II komanso mwana wa mfumu Louis XIV ya ku France, chinsinsi chake chitaululidwa iye atamwalira kunapezeka kuti linali khungwa lomwelo, kungoti ankasankha labwino n'kumalipereka lochuluka, mobwerezabwereza.

Zinthu zinasintha mu 1820 ku Paris, pamene akatswiri awiri, Pierre Joseph Pelletier ndi Joseph Bienaimé Caventou, anapatula kwinini m'khungwamo n'kutsala ndi ufa woti munthu angauike pa sikelo. Mphamvu ya mtengo sinawonjezeke tsiku limenelo, koma dokotala anayamba kudziwa kuchuluka kwa zimene akupereka. Zotsatira zake zinaonekera ku Africa kuno. Ulendo wa Angelezi pa mtsinje wa Niger mu 1841 unathera m'maliro a Azungu makumi angapo, koma mu 1854 William Baikie anakwera mtsinje womwewo pa sitima ya Pleiad akumwetsa anthu ake kwinini tsiku ndi tsiku, ndipo anabwerako osataya Mzungu ndi mmodzi yemwe. David Livingstone ankayenda ndi mapiritsi ake osakaniza kwinini ndi mankhwala otsegula m'mimba pamene ankafika ku nyanja ya Malawi mu 1859. Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya ku Magomero bwato lake linagubuduzika, mankhwala n'kumira, ndipo anamwalira ndi malungo pa 31 January 1862 pamene Ruo amathira mu Shire. Tinene mosabisa kuti ufa woyerawo sunabwere kuno kudzachiritsa ana a m'midzi ya m'mbali mwa Shire. Unabwera kudzasunga moyo wa mmishonale, wamalonda ndi msilikali, ndipo ndi chimodzi mwa zida zimene zinachititsa kuti utsamunda utheke m'madera amene kale malungo ankawatchinjiriza.

Kufunika kwa kwinini kutakwera, nkhalango za ku Andes zinayamba kutha, chifukwa osenda makungwa ankagwetsa mitengo osabzala ina. Maiko a Peru ndi Bolivia ankaletsa kutulutsa mbewu, koma Britain ndi Netherlands anatumiza anthu awo kukazitenga. Clements Markham ndi Richard Spruce anapititsa mbande ku India cha m'ma 1860, koma mitundu imene anatenga inali ndi kwinini wochepa. Amene anadziwa mtengo weniweni anali Manuel Incra Mamani, mbadwa ya ku Bolivia, yemwe ankagwirira ntchito wamalonda wachingelezi Charles Ledger. Mamani anadikira zaka zingapo kuti mitengo imene anaisankha ibereke bwino, ndipo mu 1865 anapereka mbewuzo kwa Ledger. Boma la Britain linazikana, a Dutch anagulako pafupifupi theka la kilogalamu pa ndalama zochepa n'kukazifesa pachilumba cha Java, ndipo mitengo ina imene inamera inali ndi kwinini wopitirira magawo 10 pa 100 alionse a khungwa. Mtengowo lero umatchedwa Cinchona ledgeriana, dzina la bwana. Mamani anagwidwa ndi apolisi a ku Bolivia, anamenyedwa, ndipo anamwalira mu 1871. Pofika m'zaka za m'ma 1930, Java inkatulutsa magawo oposa 90 pa 100 alionse a kwinini wa padziko lonse, ndipo bungwe la Kina Bureau la ku Amsterdam, lomwe linakhazikitsidwa mu 1913, linkachepetsa dala zokolola kuti ndalama zogulira zisatsike.

Apa ndi pamene wotsutsa amaimirira ndi funso lake loyamba, ndipo ndi funso lanzeru. Kwinini wagwira ntchito zaka mazana atatu ndi kupitirira, mpaka lero akadali m'zipatala, pamene chloroquine wa m'fakitale anayamba kulephera patangotha zaka khumi ndi zingapo. Kodi umenewu si umboni woti za kutchire n'zolimba? Choyamba, kwinini nayenso anapimidwa. Mu 1910 madokotala ku Brazil ndi ku Hamburg analemba za antchito, ena mwa iwo omanga njanji ya Madeira-Mamoré m'nkhalango ya Amazon, amene malungo awo sankamva mlingo wa masiku onse, ndipo amenewa anali malo amene anthu ankamwetsedwa kwinini tsiku lililonse mwalamulo. Chachiwiri, kwinini ankatetezedwa ndi kusowa kwake. Kupatula maiko ngati Italy, amene kuyambira mu 1900 boma lake linkagulitsa kwinini motchipa kwa anthu wamba, tizirombo tambiri padziko lapansi sitinakumanepo naye n'komwe, makamaka ku Africa kumene kunali malungo ochuluka. Chachitatu, kwinini amatuluka m'thupi msanga, amawawa, amaliritsa m'makutu, ndipo palibe amene amamumwa mwachisawawa. Choncho nthawi imene kachirombo kamakhala m'magazi okhala ndi kwinini wochepa, wosakwanira kukapha, imakhala yaifupi. Moyo wautali wa kwinini unalipiridwa ndi anthu mamiliyoni amene anafa asanamulaweko.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inathetsa ulamuliro wa khungwa. Germany italanda Netherlands mu 1940 ndipo Japan italanda Java mu 1942, maiko a mbali inayo anatsala opanda kwinini pamene asilikali awo ankagwa ndi malungo m'zilumba za Pacific. Mankhwala amene analowa m'malo anali atapangidwa kale mu 1934 ndi Hans Andersag wa kampani ya Bayer ku Germany, koma anaikidwa pambali poganiza kuti ndi apoizoni kwambiri. Nkhondo itatha anatuluka ndi dzina loti chloroquine, otchipa, osavuta kumwa, okhala m'thupi masabata ambiri. Bungwe la WHO linayambitsa ntchito yothetseratu malungo padziko lonse mu 1955 likudalira chloroquine ndi mankhwala ophera udzudzu a DDT, ndipo chidwi chinafika poti mankhwalawo anayamba kusakanizidwa mumchere wa m'ndiwo. Njirayi anaiyambitsa ndi Mario Pinotti ku Brazil, ndipo inayesedwanso m'madera ena kuphatikizapo Pailin, kumadzulo kwa Cambodia. Taganizani chimene chimachitika mankhwala akakhala mumchere: wokonda mchere amalandira ambiri, mwana woyamwa salandira, ndipo anthu ochuluka amayenda ndi kamlingo kochepa m'magazi chaka chonse. Ku Pailin kunalinso migodi ya miyala yamtengo wapatali, kumene kunkakhamukira anthu ochokera kumadera opanda malungo, matupi awo osazolowera matendawa, akugula mapiritsi pang'onopang'ono malinga ndi ndalama ya tsikulo. Malungo osamva chloroquine anaoneka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 m'malire a Thailand ndi Cambodia komanso ku Colombia. Anafika ku Kenya ndi ku Tanzania mu 1978, n'kufalikira Africa yense, ndipo ku Senegal ofufuza anapeza kuti imfa za ana ndi malungo zinawirikiza kawiri kapena kuposerapo.

Umboni wamphamvu woti kupima kumatsatira kagwiritsidwe ntchito unapezeka ku Malawi. Kachirombo ka malungo kakalowa m'selo lofiira la magazi kamadya hemoglobini, n'kumaigaya m'kathumba kake ka chakudya. Pogaya pamatsala chinthu chokhala ndi ayironi chotchedwa heme, chomwe ndi poizoni kwa kachirombo komweko, choncho kamachiumitsa kukhala timiyala tosavulaza. Chloroquine amalowa m'kathumbako n'kuletsa kuumitsaku, kachirombo n'kufa ndi zinyalala zake zomwe. Mu 2000 David Fidock, Thomas Wellems ndi anzawo anasonyeza kuti tizirombo topima tili ndi kusintha pa jini yotchedwa pfcrt, kumene kumatipatsa kapampu kotulutsira mankhwalawo kunja kwa kathumba. Malawi linali dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine, mu 1993, n'kutenga SP, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la Fansidar. Ku Blantyre, tizirombo tokhala ndi kusinthaku tinali 85 pa 100 tilitonse mu 1992, koma pofika 2000 tinatsika kufika pa 13. Kafukufuku amene anachitika pa ana ku Ndirande mu 2005, yemwe Miriam Laufer ndi anzake anasindikiza mu 2006, anapeza kuti chloroquine anachiritsa ana 99 pa 100 alionse, pamene SP anachiritsa 21 okha. Mankhwalawo sanasinthe ngakhale pang'ono m'zaka 12 zimenezo. Kapampu kaja kamadyera kachirombo mphamvu, ndiye mankhwala atachoka m'magazi a anthu, tizirombo topanda kapampu tinaswana mofulumira kuposa tinzake.

Tsamba la ku China nalonso linatulukira chifukwa cha nkhondo. Asilikali a North Vietnam ankatha ndi malungo osamva chloroquine, ndipo pa 23 May 1967 boma la China, pofuna kuwathandiza, linayambitsa ntchito yachinsinsi imene inatchedwa Project 523. Tu Youyou, amene analowa m'ntchitoyi mu 1969, pamodzi ndi gulu lake anasonkhanitsa malangizo a mankhwala oposa 2,000 kuchokera m'mabuku akale ndi kwa asing'anga, n'kuyesa zotcheza za zomera mazanamazana pa mbewa za m'labotale. Zambiri sizinagwire ntchito. Chitsamba china chodziwika bwino pa malungo, changshan, chinkaphadi tizirombo koma chinkasanzitsa odwala koopsa. Nacho chitsamba cha qinghao, chomwe ndi Artemisia annua uja, poyamba chinkapereka zotsatira zosinthasintha, mpaka Tu anabwerera ku buku la Ge Hong, sing'anga wa m'zaka za m'ma 300, lomwe linkalangiza kuviika masambawo m'madzi n'kuwafinya, osatchula zowiritsa. Anaganiza kuti moto ndi umene ukuwononga mankhwalawo, ndipo anasintha n'kugwiritsa ntchito ether, amene amawira pa kutentha kochepa. Pa 4 October 1971 chotcheza cha nambala 191 chinapha tizirombo tonse m'mbewa. Mu 1972 Tu ndi anzake anayamba amwa okha mankhwalawo asanawapereke kwa odwala pachilumba cha Hainan. Aliyense amene amanyoza nzeru za asing'anga ayenera kuiwerenga kawiri nkhani imeneyi, chifukwa popanda Ge Hong palibe mphoto ya Nobel imene Tu akanalandira mu 2015. Koma amene amati asing'anga ankadziwa zonse aiwerengenso, chifukwa buku lomwelo linakhala zaka 1,600 malungo akupha anthu ku China, ndipo malangizo olondolawo anali pakati pa ena ambirimbiri amene anagwa atayesedwa.

Artemisinin amapha tizirombo mofulumira kuposa mankhwala ena onse a malungo, moti pa maola 48 alionse amatichepetsa pafupifupi ka 10,000. Kafukufuku wamkulu wa AQUAMAT, amene anasindikizidwa mu 2010, anasonyeza kuti jakisoni wa artesunate, mankhwala a m'banja la artemisinin, amachepetsa imfa za ana a ku Africa odwala malungo aakulu ndi magawo 22.5 pa 100 poyerekeza ndi kwinini. Kufooka kwake n'koti sakhalitsa, pakangotha maola ochepa amakhala atatuluka m'thupi. N'chifukwa chake anaphatikizidwa ndi mankhwala ochedwa kutuluka, monga lumefantrine wa mu LA, kuti atsirize tizirombo totsala. WHO inalimbikitsa kuphatikizaku mu 2001, ndipo Malawi anayamba LA mu 2007. Koma ku Cambodia mapiritsi a artemisinin wopanda mnzake anali akugulitsidwa m'timasitolo kwa zaka zambiri, ena abodza okhala ndi kamankhwala kochepa, ndipo WHO inapempha makampani kuti asiye kuwapanga mu 2006 zinthu zitaonongeka kale. Mu 2008 ndi 2009 Harald Noedl ndi Arjen Dondorp, aliyense ndi gulu lake, analengeza kuti kumadzulo kwa Cambodia, kuphatikizapo ku Pailin komwe kuja, tizirombo tikuchedwa kutha m'magazi. Mu 2014 Frédéric Ariey ndi anzake anapeza kuti kusinthaku kuli pa jini ya kelch13. Mankhwala ochokera ku tsamba anapimidwa m'boma lomwelo, pa zifukwa zomwezo zimene zinagwetsa mankhwala a m'fakitale.

Mmene kachiromboka kamapulumukira artemisinin ndi nkhani yosiyana ndi ya kapampu ka chloroquine. Artemisinin payekha savulaza, amayamba kuluma akakumana ndi ayironi wa mu heme, ndipo akatero amaononga mapuloteni ambirimbiri a kachirombo nthawi imodzi. Mu 2020 ofufuza a ku Hamburg anasonyeza kuti puloteni ya Kelch13 imathandiza kachirombo kumeza hemoglobini. Kachirombo kamene jini yake yasintha kamadya pang'ono kakadali kakang'ono, heme amachepa, mankhwala sadzuka mokwanira, ndipo kamapirira mpaka atatuluka m'magazi. Koma kudya pang'ono sikufotokoza zonse, chifukwa mapuloteni ena amaonongekabe ndipo kachirombo kayenera kuwachotsa. Apa ndi pamene ofufuza anatembenukira ku ntchito ya maselo yotchedwa autophagy. Christian de Duve wa ku Belgium, yemwe anatulukira tizigawo ta selo togaya zinyalala mu 1955, ndiye anaitcha dzinali mu 1963, koma kayendedwe kake kanadziwika bwino Yoshinori Ohsumi wa ku Japan atapeza majini 15 oiyendetsa mu yisiti mu 1993, ntchito imene inamupatsa mphoto ya Nobel mu 2016. Selo likapanikizika ndi njala kapena poizoni limakulunga ziwalo zake zoonongeka m'kathumba, n'kuzigaya, n'kugwiritsa ntchito zidutswazo pomanga zatsopano, monga mmisiri wa malata amene amang'amba ndowa yobooka n'kupangamo mbaula.

Kachirombo ka malungo kali ndi majini a ntchitoyi ochepa poyerekeza ndi yisiti kapena munthu, ndipo ena mwa iwo amagwira ntchito zachilendo. Puloteni ya ATG8, imene m'maselo ena imamanga kathumba konyamulira zinyalala, m'kachiromboka imapezeka kwambiri pa kachiwalo kotchedwa apicoplast, komwe ndi chotsalira cha ndere imene makolo a kachiromboka anaimeza kalekale, ndipo popanda ATG8 kachiwaloko sikagawidwa bwino kwa ana ake. Komabe zizindikiro zolumikiza ntchitoyi ndi kupima zakhala zikuunjikana. Tizirombo ta kelch13 yosinthika timakhala ndi mafuta ochuluka a mtundu wotchedwa PI3P, omwe amagwira ntchito popanga timatumba totere. Kusintha pa jini ya ATG18 kunapezeka m'tizirombo ta m'malire a China ndi Myanmar tomwe sitimva msanga artemisinin. Ofufuza a ku India asonyeza kuti tizirombo topima timachulukitsa mapuloteni a ntchitoyi, ndipo timafa msanga tikathiridwa mankhwala oitsekereza. Zonsezi ndi za m'labotale, ndipo palibe piritsi la malungo m'chipatala chilichonse lero limene linapangidwa kuchokera pa nzeru imeneyi. Chodabwitsa n'choti chida chimene akatswiri a maselo padziko lonse amagwiritsa ntchito kawirikawiri akafuna kuimitsa autophagy m'maselo a munthu ndi chloroquine yemwe uja, ndipo pa chifukwa chimenechi wayesedwapo pa matenda a khansa. Wina angati zonsezi zili kutali ndi mayi amene wabereka mwana wotentha thupi, koma zikufotokoza chifukwa chimene mlingo wosakwanira uli woopsa. Kachirombo kamene kamatha kudzikonza sikafunika kugonjetsa mankhwala, kamangofunika kupirira maola angapo, ndipo mlingo wochepa umapha tofooka n'kusiya todziwa kupirira kuti tiswane.

Funso lachiwiri la wotsutsa n'lolemera kuposa loyamba. Tsamba lathunthu lili ndi mankhwala ambiri, osati artemisinin yekha, ndiye kodi si kuphatikiza kwachilengedwe kumene kungavute kachirombo kupima? Ganizoli lili ndi maziko. Khungwa la cinchona lili ndi mankhwala anayi opha tizirombo, kwinini ndi abale ake atatu, ndipo m'zaka za m'ma 1930 bungwe la League of Nations linalimbikitsa chosakaniza chake chotchipa chotchedwa totaquina kuti chifike kwa osauka. Pamela Weathers wa ku Worcester Polytechnic Institute ku America ndi anzake anasindikiza mu 2015 zotsatira zosonyeza kuti pa mbewa, masamba ouma a Artemisia annua anachedwa kupimidwa kusiyana ndi artemisinin wopatulidwa. Kafukufuku wotere ayenera kupitirira. Koma taonani kuti a League of Nations sanauze anthu kuti azikatafuna khungwa lililonse, anaika malire a kuchuluka kwa mankhwala oyenera kupezeka mu totaquina. Tsamba la Artemisia annua limatha kukhala ndi artemisinin wochepera gawo limodzi pa 1,000, lina n'kupitirira gawo limodzi pa 100, malinga ndi mbewu, nthaka, nthawi yokolola ndi kasungidwe. M'bale wake wa kuno ku Africa, Artemisia afra, alibe artemisinin wodalirika. Ofufuza a ku Germany anayeza tiyi wa masambawa mu 2004 n'kupeza kuti lita imodzi inali ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mlingo wa tsiku, ndipo atamuyesa pa odwala ku Democratic Republic of Congo anaona kuti thupi linkazizira msanga koma malungo ankabwerera mwa ambiri. N'chifukwa chake WHO inanena mu 2019 kuti sivomereza tiyi kapena ufa wa Artemisia pochiza kapena popewa malungo. Tiyi wofooka womwedwa m'mawa uliwonse ngati chitetezo amasiyana pang'ono chabe ndi mchere wa Pinotti.

Zomwezi zikukhudza zomera zina zimene zimatchulidwa m'nkhani za kafukufuku chaka ndi chaka. Curcumin wa mu turmeric anayesedwa ku Bangalore pamodzi ndi mankhwala a m'banja la artemisinin ndipo anathandiza pa mbewa, koma m'thupi la munthu amalowa m'magazi movutikira. Zotcheza za nimu ndi za mitengo ina yambiri zimapha tizirombo m'mbale ya m'labotale. Kupha m'mbale ndi poyambira chabe, chifukwa chotsalira n'kudziwa ngati mankhwalawo angafike m'magazi pa mlingo wakupha kachirombo osaononga chiwindi cha mwana kapena mimba ya mayi woyembekezera.

Funso lomaliza ndi lopweteka, ndipo silitha ndi umboni wa m'labotale. Munthu amene chipatala chili pa mtunda wa maola anayi, kapena amene akafika amauzidwa kuti LA watha, kodi tizimuletsa bwanji chitsamba cha kuseri kwa nyumba? Palibe amene angamuweruze. Mlandu uli kwa amene amasandutsa kusowa kwake kukhala malonda kapena ndale, monga zinachitikira mu April 2020 pamene mtsogoleri wa Madagascar wa nthawiyo, Andry Rajoelina, analengeza chakumwa cha Artemisia ngati mankhwala a COVID-19 n'kuchitumiza kumaiko ena, n'kumalowa m'magazi a anthu a m'madera a malungo popanda woyeza. Zimene mbiri yaonetsa n'zoti kupima kumabadwira pamene mankhwala ali ochepa, odula kapena ogulidwa theka. Mlingo wa LA wa munthu wamkulu ndi mapiritsi 24, anayi kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, omwedwa ndi chakudya cha mafuta kapena mkaka kuti lumefantrine alowe bwino m'magazi, ndipo amene amasiya pa tsiku lachiwiri kuti asungire mwana otsalawo amachita zimenezo chifukwa sakhulupirira kuti mawa adzawapeza. WHO inawerengera kuti mu 2023 anthu pafupifupi 597,000 anafa ndi malungo, ambiri mwa iwo ana a ku Africa. Tizirombo ta kelch13 yosinthika tinatsimikizika ku Rwanda mu 2020, kumpoto kwa Uganda mu 2021, kenako ku Eritrea ndi m'chigawo cha Kagera ku Tanzania, ndipo kafukufuku wa majini akusonyeza kuti sitinachokere ku Asia monga zinalili ndi chloroquine, tinabadwira konkuno. LA akuchiritsabe odwala ambiri chifukwa lumefantrine akadali ndi mphamvu, koma pamene artemisinin akuchedwa kupha, lumefantrine amatsala yekha ndi tizirombo tochuluka. Ku Cambodia mankhwala othandizira otchedwa piperaquine anagwa mwa njira imeneyi m'zaka zochepa, mpaka m'madera ena theka la odwala silinkachira.